Tsamba Losalembedwa m'Buku la Gerishon

1

Ngati munayendapo pamsewu wochokera ku Neno kupita ku Blantyre, lole yofiira yolembedwa kuti NDAONA MAIKO munakumana nayo. Ndi yanga. Sitolo yamalata yoyandikana ndi msika wa pa boma ndi yanganso. Ndine Laimoni wa ku Matandani, mwana wa mayi wamasiye. Sukulu ndinayamba nditavala chiguduli, koma lero nsapato ndimavala ngakhale popita kumunda. Mombasa ndinaponda. Ku Siloni ndinadya mpunga wa tsabola mpaka misozi mbwembwembwe. Ku India ndinakwera ngolo yokokedwa ndi munthu, ine nditakhala ndee ngati bwanamkubwa. Ndikayamba kusimba za maulendo anga, ngakhale wopita kukaitana azamba amaima kaye.

Koma lero nkhani si ya maulendo. Ndi ya mkulu wanga Gerishon ndi buku lake.

Msilikali aliyense wa Keyala, gulu lankhondo la boma la Angelezi, potuluka usilikali ankalandira kabuku kachikuto cholimba. Mmenemo munkalembedwa dzina lake, nambala yake, kumene anamenya nkhondo, ndipo kumapeto kunali tsamba la mamendulo. Tsamba limenelo m'buku la Gerishon linakhala loyera kwa zaka zisanu ndi zinayi. Zaka zonsezo anthu ankamutcha wabodza, ana ake n'kumanyozedwa nazo kusukulu.

2

Gerishon anali mwana wa mayi anga aakulu, wondiposa ndi zaka zitatu. Mu 1942 tinapita limodzi ku Zomba kukalembetsa. Pamzere iye anali patsogolo, ine pambuyo pake, motero nambala yake inali 6218, yanga 6219.

Tsiku lachitatu sajeni anafunsa kuti, "Ndani pano amadziwa kulemba?"

Dzanja langa linafika kumwamba iye asanatseke pakamwa. Paja ndinali ndi Sitandade 4 ya ku mishoni. Basi, ndinakhala kalaliki wa gulu lathu. Anzanga akusenza mfuti, ine ndinkasenza makina otayipira. Gerishon sankatha kulemba ngakhale dzina lake, ankangodinda chala. Anali munthu wa mapewa ngati chitseko, wosalankhulalankhula. Kumudzi anasiya chibwenzi, mtsikana wa ku Magaleta dzina lake Yunike, atamupatsa mpango wa chikole. Ine Yunike ndinkamudziwa. Ndinkamudziwa kwambiri moti akamatchulidwa ndinkayang'ana kumbali.

Mu 1944 tinafika ku Bama. Mvula ya kumeneko si mvula, ndi chilango. Misundu inkalowa m'nsapato, nsungwi zitatalika kuposa tchalitchi. Mtsogoleri wathu anali kaputeni wachizungu amene tinkamutcha Chimphuno. Maina athu ankamukanika, ndiye ine ndi Gerishon tonse ankangotiitana kuti "Neno".

Nkhani ya pamtsinje ndiisimba monga ankaisimbira anthu kwathu. Gulu lathu likuthawa kuwoloka mtsinje wodzaza, Chimphuno anaomberedwa mwendo n'kutsala tsidya lija, Ajapani ali m'nsungwi pafupi pomwepo. Msilikali mmodzi anabwerera yekha, namubereka, n'kuwoloka naye madzi akulekeza m'khosi. Chimphuno anamutumiza kwawo mwendo atamudula. Chaka chotsatira, paperete wamkulu ku India, anandipachika pachifuwa mendulo ya kulimba mtima.

Gerishon panalibe. Anali m'chipatala ndi malungo ndi chifuwa.

3

Ndinafika kumudzi mu 1946, mamendulo ali ngwengwengwe. Sabata isanathe ndinali ku Magaleta, pakhonde la a Lameki, malume ake a Yunike. A Lameki anali atasenzapo katundu wa asilikali pa nkhondo yoyamba, osalandirako ngakhale batani. Mendulo yanga anaigwira ndi manja awiri ngati dzira.

"Nanga mkulu wako ali kuti?" anandifunsa.

"Tinawasiya m'chipatala ku India."

"Chipolopolo?"

"Ayi, malungo."

"Eti? Ndiye kuti nkhondo anaionera pabedi!"

Pakhonde ponse panagwa phwete. Inenso ndinaseka. Yunike anali kuseri kwa nkhokwe akupeta mapira, ndipo ndinamva lichero litaima.

Patapita milungu iwiri ndinamupeza pachitsime. Anandifunsa osandiyang'ana kuti, "Kodi ndi zoona zimene akunena anthu, kuti a Gerishon ankabisala m'chipatala?"

Ndinangopumira m'mwamba n'kupukusa mutu ngati munthu wosafuna kunyoza m'bale wake. Mwezi wachitatu ndinamanga nyumba pamudzi pawo, tinakwatirana, mpango wa chikole n'kubwezedwa kwa mayi ake a Gerishon.

Gerishon anafika patapita miyezi isanu, atatha ngati bango, akutsokomola. Anayang'ana pachifuwa panga nthawi yaitali. Kenaka anati, "Wakwatira bwino, mng'ono wanga." Anangonena zomwezo.

Chaka chisanathe anakwatira Enelesi, mayi wamfupi wa pakamwa pakuthwa. Chaka chimenecho panali dima kumunda kwa a Lameki. Titalima mpaka dzuwa pamutu tinakhala pamthunzi kumwa thobwa, ine n'kuyamba monga mwa masiku onse: madzi m'khosi, zipolopolo ngati matalala, mzungu kumsana.

Gerishon anaika chipanda pansi. "Mzungu uja ndinamunyamula ndine," anatero.

Kenaka a Lameki anati, "Chabwino, katenge buku lako."

Enelesi anathamanga kukalitenga, litakulungidwa m'kansalu. Mphunzitsi wina amene anali padimapo analitsegula, natembenuza masamba mpaka kumapeto. "Apa palembedwa za chipatala. Tsamba la mamendulo mulibe kanthu. Ngakhale nyenyezi ya Bama imene analandira aliyense palibe."

Maso onse anabwera kwa ine. Ndinalankhula mofatsa, ngati m'busa. "Musawaseke achimwene. Malungo a ku Bama amasokoneza mutu. Ambiri anabwerako akulota ali maso."

Kuyambira tsiku limenelo dzina lake linasanduka Chinyamula. Mayi akalemedwa ndi mtolo wa nkhuni ankafuula kuti, "Kaitaneni a Chinyamula!" Iye sanabwerezenso mawu aja.

4

Zanga zinayenda. Ndinayamba ndi njinga, kugula mbatatesi kumapiri n'kukagulitsa kumsika. Kenaka ngolo, kenaka lole. Mzungu aliyense wa pa boma ankandidziwa, ndipo munthu wa mendulo chilolezo cha sitolo sachidikira. Ndinagulanso makina otayipira, anthu n'kumabwera kuchokera kutali kuti ndiwalembere makalata a kuboma. Kalata ya Laimoni inkatsegula zitseko, funsani aliyense.

Mu 1953 Enelesi analowa m'sitolo, kansalu kaja kali m'manja.

"Alamu, mwaswera bwanji? Sindinabwere kudzagula."

"Khalani pansi, mlamu. Kwagwanji?"

"Mwana wanga Clara wakana sukulu. Akuti anzake amamuberekera miyala kumsana n'kumaimba kuti mwana wa Chinyamula. Tandiuzani, alamu. A Kalisto a kuseri kwa phiri aja anali wophika tiyi kunkhondo, amanena okha. Koma nyenyezi ya Bama ali nayo. Amuna anga anapita kukatani kumeneko, kukaweta nkhuku?"

"Maofesi amalakwitsa, mlamu."

"Akalakwitsa amakonza. Lembani ku Zomba. Za mzunguzo zisiyeni, ine sindinaliko. Angolemba nyenyezi yokhayo, anthu adziwe kuti munthuyu anafika kunkhondo."

Ndinatayipa kalata yokongola, Chingerezi chake chochita kununkhira. Ndinamuwerengera m'Chichewa, iye akuvomera ndi mutu. "Imeneyi ndikaponya ndekha ku Blantyre," ndinatero. "Ya pano imachedwa."

Patapita miyezi inayi anabweranso. Ndinalemba yachiwiri. Chaka chitatembenuka, yachitatu.

"Kodi ku Zombako kuli anthu kapena mitengo?" anafunsa.

"Boma ndi njovu, mlamu. Imatembenuka pang'onopang'ono."

Yankho silinabwere.

5

Chaka chilichonse mu Novembala asilikali akale tinkasonkhana pabwalo la pa boma kukumbukira anzathu amene anatsala kunkhondo. Ine ndinkaima kutsogolo. Gerishon ankabwera ndithu, koma ankaima kumbuyo pamodzi ndi amayi ndi ana, malaya ake opanda kanthu.

Mu 1954, lipenga litalira, Disi, bwana wachizungu wa pa boma, anatulutsa envulopu m'thumba akumwetulira. Anati walandira kalata yochokera ku Mangalande, kwa kaputeni wina wa mwendo umodzi, wofunsa ngati munthu amene anamupulumutsa akali moyo. Anthu anaomba m'manja. Ine ndinatukula chifuwa mpaka mabatani kulira. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Disi ankawerenga, womasulira n'kumatembenuza: "Akuti, mumuuze Neno kuti sindinamuiwale. Akuti, mumupepesere chifukwa cha mano anga. Pamene tinali pakati pa madzi ululu unandikulira, ndipo ndikanakuwa adani akanatimva. Ndiye ndinamuluma paphewa lakumanzere mpaka mano anakumana. Iye sanandigwetse, sanalirenso. Akuti, chipsera chimenecho adzapita nacho kumanda, ndipo ndine ndinamupatsa."

Bwalo lonse linaseka mokondwa. Disi anandikodola. "Tiyeni, Laimoni, tionetseni mano a kaputeni!"

Ine ndinalibe choti ndionetse. Koma pakamwa panga sipanandisiyepo ndekha.

"Bwana, mano a azungu ndi ofewa, anazolowera buledi. Khungu la ku Neno salitha. Chinapola chisanathe chaka!"

Anthu anagwa nacho chiseko, Disi mpaka kupukuta misozi. Ndinapulumuka. Koma poyang'ana kumbuyo ndinaona anthu awiri osaseka. Enelesi anali atagwira pakamwa, maso ali pa mwamuna wake. Yunike maso ake anali pa ine.

6

Tinabwerera pa lole ndi Yunike. Titafika kunyumba dzuwa likadali pamwamba, anatumiza ana kwa mayi ake, natseka chitseko.

"Bambo a Stelia, vulani malaya."

"Masana ano? Anthu adzati chiyani?" Ndinayesa kuseka.

"Musavule, palibe kanthu. Zaka zisanu ndi zitatu ndakhala ndikukutsukani kumsana. Chipsera cha katemera ndikuchidziwa. Cha chithupsa cha pabondo ndikuchidziwa. Paphewa panu m'posalala ngati pa khanda." Anakhala pampando, manja pamiyendo. "Enelesi anatiuza kale kumtsinje tikuchapa, kuti amuna ake ali ndi chipsera cha mano paphewa, ndipo akawafunsa amangoti chinandiluma chilombo cha ku Bama. Tinaseka tonse. Inenso ndinaseka. Tsopano ndiuzeni, ndinakwatiwa ndi yani?"

Ndinamuuza. Ndikuuzani inunso.

Tsiku la pamtsinje ine ndinali mailosi atatu kumbuyo, pansi pa tenti, ndikuteteza mapepala kuti asanyowe. Mfuti sindinaombepo nkhondo yonse. Chimphuno asanamunyamule pamachira analemba kapepala ndi pensulo: "Neno, 6218. Apatsidwe mendulo." Kapepalako kanafika kwa kalaliki kuti akatayipe. Kalalikiyo ndinali ine.

Chala sichinaterereke ayi. Ndinakayang'ana kapepalako mpaka tiyi wanga anazizira. Ndinaona Gerishon akulowa ku Magaleta ndi mendulo, Yunike akumulandira, ine ndili pambuyo nditanyamula makina otayipira. Ndinatayipa 6219 ndi dzina langa. Mkulu amene anasaina anali mlendo pagulu lathu, sankadziwa Neno aliyense. Kapepala ka pensulo ndinakaponya pamoto wophikira.

Potuluka usilikali ku Zomba anandiika pa tebulo lodzaza mabuku, ndipo la Gerishon linadutsa m'manja mwanga mwini wake akadali ku India. Ndinaopa kuti ndikalemba zoti anali pamtsinje paja wina adzafunsa mafunso. Ndinalemba za chipatala zokha, tsamba la mamendulo n'kulisiya loyera. Ndinamulanda ngakhale nyenyezi imene wophika tiyi analandira.

"Nanga makalata a Enelesi?" anafunsa Yunike.

"Ali m'lole. Pansi pa mpando, m'chitini cha masipanala."

Sanalire, sanatukwane. Anati, "Pachitsime paja ndinakufunsani. Mukanangoti ayi." Kenaka anatsegula chitseko. "Pano ndi pamudzi pa amayi anga. Mukagona kusitolo kwanu mpaka buku la alamu litalembedwa."

7

M'mawa mwake ndinapita ku Matandani wapansi. Lole ndinaisiya, ndinalibe nkhope yoti ndifike ndi hutala. Gerishon ndinamupeza pansi pa mtengo wa nachesi akuluka dengu. Ndinagwada pafumbi, ine Laimoni, buluku la ku Blantyre lili m'thupi, n'kuika mendulo ndi makalata atatu aja patsogolo pake.

"Achimwene, ndinakuberani."

Sanasiye kuluka. "Ndikudziwa. Ndinadziwa tsiku lomwe ndinafika."

"Nanga bwanji simunakanene kuboma?"

"Ndinanena kamodzi, padima. Iwe unati ndine wamisala." Anatsokomola nthawi yaitali. "Kuboma ndikanapita ndi chiyani? Iwe uli ndi pepala, ine ndili ndi phewa. Ndani anamangapo mlandu pa phewa? Komanso akanandikhulupirira, akanakumanga. Mayi ako ndi mayi anga. Ndikanawauza chiyani?"

Enelesi anatulukira kuseri kwa nyumba ndi munsi m'manja. Anaona makalata aja, zidindo za positi palibe.

"Njovu ija ndi imeneyi, alamu? Imatembenukira pansi pa mpando wanu?"

"Mayi a Clara, ikani munsi pansi," anatero Gerishon. Anakankhira mendulo kwa ine ndi chala cha kuphazi. "Ichi usandipatsire kuseri ngati nyama yakuba. Ukachibweze kumene unachitenga, andipatse okha. Ndipo chitsulochi si chimene ndikufuna kwenikweni. Ndikufuna buku linene zoona, Clara apite kusukulu."

Lachiwiri tinalowa limodzi mu ofesi ya Disi. Ndinafotokoza zonse m'Chingerezi changa chabwino chija, ndipo sichinandiwawepo m'kamwa ngati tsiku limenelo. Disi anafiira mpaka m'makutu. Anauza Gerishon kuti avule malaya. Paphewa lakumanzere panali mizere iwiri yokhota, ya m'mwamba ndi ya m'munsi, dzino lililonse likuoneka pamalo pake. Panali ngakhale mpata pamene Chimphuno analibe dzino.

"Ukudziwa kuti apa pali ndende?" Disi anandifunsa.

Gerishon ndiye anayankha, kudzera mwa womasulira. "Bwana, mukamutsekera, makalata alemba ndani? Dzanja limene linafufuta ndi lomwelo lilembe."

Ndinalemba. Kalata yovomera mlandu, masamba anayi, ndinasaina pamaso pa Disi. Ina ku Zomba, ina ku likulu la asilikali ku Nairobi, ina kwa Chimphuno pamodzi ndi chithunzi cha phewa. Dokotala anayeza chipsera nalemba umboni wake. A Kalisto, wophika tiyi uja, anadinda chala kuti anaona Gerishon akutuluka m'madzi ndi mzungu kumsana. Nditawafunsa chifukwa chimene anakhalira chete zaka zonsezi anati, "Ine ndimatsutsana ndi pepala la boma? Ndinkayesa maso anga ndiwo analakwa." Mabuku onse awiri anatumizidwa. Miyezi isanu ndi itatu ndinagona pa matumba a mchere kusitolo.

Mu Julayi 1955 mabuku anabwera. M'langa munali mzere wofiira wodula mendulo ija. Ndende anandikhululukira, koma anandiletsa kuimanso pamzere wa asilikali akale.

Gerishon analandira lake, nalitembenuza uku ndi uku. "Ine paja sindiwerenga," anatero. "Udzandiwerengera Sabata, anthu akamatuluka m'tchalitchi."

Tsikulo kunadzaza. A Lameki anabwera kuchokera ku Magaleta ndi ndodo yawo, mphunzitsi uja analipo, Yunike anaima pamodzi ndi Enelesi. Ndinakwera pachitsa n'kutsegula tsamba lomaliza. Ndinayamba kuwerenga chapansipansi.

"Kwezani mawu, a Laimoni!" anafuula mayi wina. "Paja mawu muli nawo!"

Ndinakweza. Ndinawerenga nambala 6218, dzina la Gerishon, nyenyezi ya Bama, mamendulo ena awiri a nkhondo, ndi mendulo ya kulimba mtima chifukwa chobwerera yekha kukapulumutsa mtsogoleri wake. Kenaka ndinanena zimene sizinalembedwe m'bukumo: amene anasintha nambala, ndi chifukwa chake.

Palibe anaomba m'manja. A Lameki anayenda pang'onopang'ono mpaka pamene panali Gerishon, navula chipewa. Munthu wa imvi mbuu, kuvulira chipewa mwana wa dzulo. Anati, "Tinakulakwira, bambo." Gerishon anangoti, "Zikomo," natenga buku lake, nalipereka kwa Clara kuti alinyamule.

8

Gerishon anaima kutsogolo kwa perete ma Novembala atatu. Chifuwa chija chinamutenga mu 1958. Zaka zitatu za ulemu, pamene ndinamudyera zisanu ndi zinayi.

Inu owerenga, makamaka inu amene munapita kusukulu pakati pa abale osaphunzira, mverani. Tikamati wakuba timaganiza za wothyola nkhokwe. Ine sindinathyole kanthu. Ndinasintha nambala imodzi ndili pampando, manja oyera, ndipo munthu wamoyo anasanduka choseketsa cha mudzi wonse. Wosadziwa kuwerenga akakupatsani pepala lake, wakupatsani khosi lake. Sangaone chimene mwalemba, sangaone chimene mwasiya. Ngati pali pepala la wina limene munalipotoza, kapena limene mukuligonera, musadikire kuti kalata ichokere ku Mangalande. Ine ndinadikira, ndipo sindinganame kuti ndinalapa ndekha. Ndinagwidwa.

Lole ikuyendabe, ndipo chaka chino ndagula yachiwiri. Yunike anandilola kubwerera kunyumba. Amandiphikira, amandichapira, pa anthu amandilemekeza. Koma mlongo wake amagwira ntchito ku Joni, ndipo mwezi uliwonse amalemba kalata. Kalatayo imafikira kusitolo kwanga, ndimabwera nayo ndekha kunyumba. Yunike amailandira ndi manja awiri, amathokoza, amavala mpango wake. Kenaka amayenda mailosi awiri kupita kwa aphunzitsi kuti akamuwerengere.